Mtunda Wautali ndi Mankhwala Otalikitsa Moyo

M'mwezi wa June chaka cha 2005, chipatala cha boma cha Karonga chidayamba kupereka mwaulere mankhwala a ma ARV kwa anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Chakummwera kwa bomalo, m'dera la Chilumba, akatswiri a kafukufuku adali atayamba kale kulemba m'kaundula mwana aliyense wobadwa ndi munthu aliyense womwalira pakati pa anthu pafupifupi 32,000. Choncho mankhwalawo atafika, padali poyerekezera. Zimene adapeza zidasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2008, ndipo zidali zokondweretsa mbali ina, zodetsa nkhawa mbali inayo. Patangotha miyezi isanu ndi itatu, imfa za akuluakulu okhala pafupi ndi msewu wa phula zidatsika ndi 35 pa 100. Kumidzi ya kutali ndi msewu kusintha kotereku sikudaoneke. N'zoona kuti m'mbali mwa msewu ndimo mudali matenda ambiri kuyambira kale, kotero ndimonso mmene imfa zikadatsika msanga. Komabe kumidzi yakutaliyo kudalinso odwala, ndipo kuti akalandire mankhwala aulerewo adayenera kutsika kaye kumapiri, kupeza galimoto ndi ndalama yake, n'kuyenda ulendo wa makilomita pafupifupi 70.

M'Chichewa ma ARV adapatsidwa dzina lakuti mankhwala otalikitsa moyo. Mneni wakuti kutalikitsa adachokera ku tsinde lakuti -tali, lomwe limapezekanso m'mawu akuti kutali, patali ndi mtunda wautali. Tsinde limodzi lomweli lasenza lonjezo la mankhwalawa pamodzi ndi chopinga chake chachikulu. M'dziko limene anthu oposa 8 mwa 10 aliwonse amakhala kumudzi, funso la umunthu limene Edzi idabweretsa lidagona pamenepa: kodi pamene chuma chili chochepa, madokotala ali owerengeka ndipo misewu ili yoipa, munthu wa kumudzi ali ndi ufulu wolandira chiyani, ndipo ngongole yake ili kwa yani? Funsoli lasintha maonekedwe kangapo m'zaka makumi awiri zapitazi, ndipo nthawi iliyonse anthu anzeru ndithu adaliyankha molakwika asadaliyankhe bwino.

Poyamba penipeni funso lidali lakuti kodi anthu a ku Africa apatsidwe n'komwe mankhwalawa. Kuchokera m'chaka cha 1996, odwala a ku Ulaya ndi ku America adali akudzuka pamphasa kaamba ka mankhwala atatu omwera pamodzi, koma mtengo wake udali wopitirira madola 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Mfundo ziwiri zidaperekedwa zokanira. Yoyamba idatuluka pakamwa pa Andrew Natsios, amene adali mkulu wa bungwe la USAID, m'mwezi wa June 2001. Iye adati anthu ambiri a ku Africa sadaonepo wotchi, amayendera dzuwa, choncho sangathe kumwa mankhwala pa nthawi yake. Mfundo imeneyi siyofunika kuitaira nthawi. Anthu amene chiyankhulo chawo chimasiyanitsa tambala woyamba, mbandakucha, dzuwa lili paliwombo ndi chisisira sangakhale osadziwa kusiyana kwa mmawa ndi madzulo, ndipo mankhwala amene adadza ku Malawi ankangofuna zimenezo basi.

Mfundo yachiwiri ndiyo idali yolemera, ndipo iyenera kupatsidwa ulemu wake. M'chaka cha 2002, Elliot Marseille ndi anzake adalemba mu The Lancet kuti, powerengera zaka za moyo zopulumutsidwa pa dola iliyonse, kupewa kachirombo kudali kopindulitsa maulendo 28 kuposa kupereka ma ARV. Awa sadali maganizo a anthu ouma mtima. Adali maganizo a mwambo wa Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill, wakuti chinthu choyenera kuchita ndi chimene chingabweretse ubwino wochuluka kwa anthu ochuluka. Mayi amene watsala ndi ufa wa mbale imodzi amawerengeranso chimodzimodzi, ndipo palibe amene amamutcha mfiti. Koma masamu aja adali ndi chilema chobisika. Adatenga mtengo wa mankhwala ngati chinthu chachilengedwe, chosasunthika ngati phiri la Mulanje, pamene mtengo ndi chinthu chimene anthu amakhala pansi n'kugwirizana. M'mwezi wa February 2001, kampani ya Cipla ya ku India idali italengeza kale kuti ikhoza kugulitsa mankhwala atatuwo pa madola 350 pa chaka, ndipo kuchokera pamenepo mtengo udangotsikiratsikira. Masamuwo adalekanitsanso zinthu zosalekanitsika. Munthu angayezetse magazi bwanji ngati zotsatira zake zili chabe chilolezo chokakonzera bokosi? Ndipo m'chaka cha 2011, kafukufuku wa HPTN 052, amene mwa malo ake mudali Lilongwe ndi Blantyre, adaonetsa kuti kuyamba msanga mankhwala kumachepetsa ndi 96 pa 100 mpata wopatsira kachirombo mwamuna kapena mkazi wako. Kuchiza kudapezeka kuti ndi kupewa komwe.

Amene adatsutsa mfundo zokanazo adazitsutsa ndi ntchito. Ku Cange, kumidzi ya ku Haiti, Paul Farmer ndi anzake adayamba kupereka mankhwalawa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pogwiritsa ntchito anthu a m'mudzi momwemo oyendera odwala tsiku ndi tsiku. Ku Malawi, bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV m'boma la Chiradzulu mu August 2001. Zotsatira zake zitaunikidwa m'chaka cha 2006, anthu oposa 8 mwa 10 aliwonse amene adayezedwa adapezeka kuti kachirombo kafooka kwambiri m'magazi mwawo. Chaka chomwecho, Edward Mills ndi anzake adasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri ndipo adapeza kuti odwala 77 pa 100 a kummwera kwa chipululu cha Sahara ankamwa mankhwala mwandondomeko, poyerekeza ndi 55 pa 100 a ku North America, kwa eni mawotchi.

Funso litachoka pamenepo lidavala nkhope ina yovuta kwambiri. Kumayambiriro kwa chaka cha 2004, anthu amene ankalandira ma ARV m'zipatala za boma ndi za mishoni m'Malawi sankapitirira 4,000, ndipo ambiri mwa iwo ankalipira K2,500 pa mwezi. Ofunika mankhwalawo mwamsanga adali pafupifupi 170,000. Ndalama zidapezeka kuchokera ku Global Fund, koma ndalama siyeza wodwala. Dziko lidali ndi madokotala osapitirira awiri pa anthu 100,000 aliwonse, anamwino adali akuthawira ku Britain, ndipo makina owerengera asilikali a m'thupi, amene achipatala amawatcha CD4, adali m'zipatala zochepa chabe. Unduna wa Zaumoyo udasankha njira imene dokotala wa ku London akadaiona ngati yoperewera. Odwala onse adapatsidwa mankhwala a mtundu umodzi, Triomune, m'bulu umodzi mmawa ndi wina madzulo. Woyenera kuyamba ankadziwika poona zizindikiro za matenda pathupi, popanda kudikira labotale. Ntchito ya dokotala idapatsidwa kwa ma clinical officer, ma medical assistant ndipo kenaka anamwino. Wodwala aliyense adali ndi khadi limodzi ndi mzere umodzi m'kaundula, zomwe zinkayenderedwa miyezi itatu iliyonse. Njirayi idatengera kwambiri luso limene dziko lidali nalo kale pa chifuwa chachikulu cha TB.

Kodi kumeneku sikudali kupatsa amphawi mankhwala a amphawi? Ofunsa funsoli adali ndi mfundo. Ngati moyo wa mlimi wa ku Phalombe ndi wofanana mtengo ndi wa munthu wa ku Geneva, n'chifukwa chiyani muyeso wa chisamaliro ukhale wosiyana? Yankho lina lidachokera ku kafukufuku wa DART, amene adachitika ku Uganda ndi ku Zimbabwe pa anthu oposa 3,300. Patatha zaka zisanu, mwa odwala amene ankayezedwa magazi kawirikawiri, 90 pa 100 adali moyo. Mwa amene ankangoonedwa ndi achipatala, 87 pa 100. Kusiyana kwa atatu pa 100 n'kochepa poyerekeza ndi khamu limene likadafa podikira kuti dziko lonse likhale ndi malabotale. Pachifukwa ichi, chisankho cha 2004 chidali cholondola. Koma atatuwo ndi anthu, ali ndi mayina ndi ana, ndipo mfundo yakuti chisankho chidali cholondola siwafafaniza. Pali kusiyana pakati pa kunena kuti izi ndi zimene zingatheke lero ndi kunena kuti izi n'zokwanira kwa anthu otere. Mawu oyambawo amasiya ngongole yodziwika, yoyenera kubwezedwa mpata ukapezeka. Mawu achiwiriwo amatseka buku.

Ngongoleyo idaonekera poyera pa nkhani ya stavudine, amodzi mwa mankhwala atatu a mu Triomune. Mankhwalawa adali otsika mtengo ndipo sankafuna kuyeza magazi poyamba, n'chifukwa chake adasankhidwa. Koma pakapita nthawi ankaononga mitsempha, miyendo n'kumachita dzanzi kapena kutentha ngati munthu waponda pamoto. Kwa ena ankasuntha mafuta a m'thupi: masaya ankalowa, matako ndi miyendo zinkaphwa, mimba n'kukula. Kwa ochepa ankabweretsa asidi wochuluka m'magazi, amene amapha. Kwa munthu amene moyo wake uli pa khasu, miyendo yadzanzi ndi njala. Ndipo pamudzi, pamene aliyense amadziwa nkhope ya mnzake, masaya olowawo adakhala chikwangwani. Munthu amene adapulumuka ku kaliwondewonde, n'kusunga chinsinsi chake bwinobwino, adaululidwa ndi mankhwala omwe adamupulumutsa. Mayiko olemera adali atayamba kale kuwasiya mankhwalawa pakati pa zaka za m'ma 2000. Bungwe la WHO lidalangiza kuti achotsedwe kumapeto kwa 2009. Malawi idayamba kupereka tenofovir m'malo mwake mu 2011 kwa amayi oyembekezera, odwala TB ndi amene matupi awo adali ataonongeka kale, ndipo ena onse adasinthidwa kuyambira mu 2013, chifukwa mankhwala atsopanowo adali okwera mtengo ndipo kusintha onse nthawi imodzi kukadachepetsa chiwerengero cha oyamba kumene. Zaka zodikirazo zidalipiridwa ndi matupi a anthu amene sadafunsidwe. Walira mvula walira matope, akulu adatero. Koma mwambiwu umakhala wachilungamo pokhapokha woponda matopewo atauzidwiratu, ndiponso ngati amene ali pakhonde sakuiwala kuti mnzawo ali pamatope.

Panalinso funso la mzere. Pamene malo adali ochepa, zipatala zidapatsidwa chiwerengero cha odwala atsopano pa mwezi, ndipo lamulo lalikulu lidali lakuti woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa. Lamuloli lidali ndi ubwino wake. Lidapewa chinthu choopsa, chakuti wina akhale pampando n'kumasankha kuti mphunzitsi ndi wofunika kuposa wogulitsa makala, kapena kuti amene adatenga kachirombo m'banja ndi wosalakwa kuposa amene adakatenga kumalo omwera mowa. Koma mzere suyambira pakhomo la chipatala. Umayambira pakhomo la wodwala, ndipo amene adzafike poyamba adasankhidwa kale ndi msewu, mlatho ndi thumba. John Rawls, m'buku lake la 1971 la A Theory of Justice, adaphunzitsa kuti dongosolo lachilungamo ndi limene munthu angalivomere asakudziwa kuti iye adzagwera pati. Munthu wosadziwa ngati adzabadwira pafupi ndi msewu wa M1 kapena kuseri kwa mapiri a Misuku sangavomere lamulo la mzere lokha popanda lamulo lina lofupikitsa ulendo.

Kukula kwa ndalama imene inkalekanitsa moyo ndi imfa n'kochititsa manyazi. Ku Thyolo, kafukufuku wofalitsidwa mu 2006 adatsata odwala TB 742 amene adalinso ndi kachirombo ndipo adauzidwa kuti akhoza kuyamba ma ARV mwaulere ku chipatala cha boma. Amene adayamba adali 101 okha, ndipo chimene chidasiyanitsa kwambiri oyamba ndi osayamba idali ndalama yoyendera. Mawu akuti ulere amanena za dzanja la wopereka. Kumbali ya wolandira kuli kabaza wopita ndi wobwerera, tsiku la ganyu lotayika, munda wosapalira m'nyengo ya dzinja, chakudya cha womuperekeza, ndiponso njala imene mankhwalawa amautsa m'thupi lomwe layamba kuchira. Adayamba mankhwala m'chaka cha njala cha 2005 amaidziwa bwino nkhani yomwa m'bulu m'mimba muli gwa.

Apa chiyankhulo chimachita ntchito imene ambiri saiona. Munthu akapanda kubwera pa tsiku lake kwa miyezi iwiri, kaundula amamulemba m'gulu la osiya mankhwala, ndipo pakamwa pa anthu amatchedwa wothawa mankhwala. M'chiganizo chakuti wathawa mankhwala, mwininkhani ndi wodwala, ndipo mneniyo ndi wa mbala ndi amantha. Mlatho wokokoloka suoneka m'chiganizomo; mwamuna woopseza kuthetsa banja saonekamo; mbendera ya kabaza yokwera mtengo sionekamo. Chichewa chili nayo njira yonenera zoona zake, chifukwa msintho wa mchititsa umalola kufunsa kuti chamuthawitsa n'chiyani, kapena chamulepheretsa ndani. Kusintha kwa kaphatikizo kamodzi kumasuntha mlandu kuchoka pa munthu kupita pa zimene zamuzinga. Izi sizikutanthauza kuti wodwala alibe udindo. Alipo amene amasiya mankhwala chifukwa cha mowa, ena chifukwa mneneri wawauza kuti achira, ndipo kuwachotsera udindo wonse ndi kuwachepetsanso, ngati kuti ndi ana. Koma chipatala chimene chimalandira wobwerera ndi mawu okalipa, n'kumuika kumapeto kwa mzere ngati chilango, chimakhala chikumuphunzitsa kuti ulendo wina akadzaphonya asadzabwerenso. Namondwe wa Freddy atadula misewu ya ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje mu March 2023, ndi kukokolola mabotolo a mankhwala pamodzi ndi mabuku a kuchipatala, palibe amene akadati anthuwo athawa. Madzi ang'onoang'ono amene amadzaza mtsinje wa pakati pa mudzi ndi chipatala chaka chilichonse amachita ntchito yomweyo mwakachetechete.

Yankho lenileni la mtunda lidali kuufupikitsa. Ku Thyolo, boma la anthu pafupifupi 600,000, ntchito yoyambitsa odwala mankhwala idatsitsidwira ku zipatala zing'onozing'ono kuyambira mu 2006, kuyeza magazi ndi uphungu zidapatsidwa kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu wamba ophunzitsidwa, ndipo pofika mu 2007 bomalo lidafikira anthu 8 mwa 10 ofunika mankhwala mwamsanga. Ku Chilumba kuja, chipatala cha m'deralo chitayamba kupereka ma ARV mu 2006, imfa za Edzi pakati pa akuluakulu zidatsika kuchoka pa 6.4, mmene zidalili ma ARV asadafike m'bomalo, kufika pa 2.7 pa anthu 1,000 aliwonse pa chaka. Nzeru ina idachokera kwa odwala eni ake. M'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene kulinso Achewa ambiri ku Angónia ndi madera oyandikana nawo, odwala ndi achipatala adagwirizana mu 2008 kupanga timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi. Mwezi uliwonse mmodzi yekha ndiye ankapita kuchipatala, kukaonedwa iye mwini ndi kutengera anzake onse mankhwala, ndipo ndalama yoyendera ankasonkherana. Patatha pafupifupi chaka, oposa 97 pa 100 adali akadali pa mankhwala. Aliyense wodziwa chiperegani kapena dima angaone kuti panalibe chachilendo pamenepa: chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana.

Nkhani ya ku Tete imakondweretsa olemba za umunthu, ndipo n'zosavuta kuithamangira ndi mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Koma malemu Didier Kaphagawani, katswiri wa filosofi wa ku Chancellor College, adachenjeza kuti miyambi ya Achewa imazindikiranso munthu payekha, pakuti anthu ndi mchenga, saumbika. Mudzi umene umasenza wodwala pamachira ndi womwewo umene umamunong'oneza pachitsime. M'zaka zoyamba, wodwala ankalimbikitsidwa kubwera ndi gadiyani womukumbutsa kumwa mankhwala. Cholinga chidali chabwino, koma kwa mkazi amene ankaopa kuuza mwamuna wake, kapena kwa mnyamata wosafuna kuti amalume ake adziwe, gadiyani adasanduka chipata china. Mpaka lero alipo amene amalambalala chipatala cha pafupi, kumene namwino ndi mnansi ndipo tsiku la ma ARV limadziwika ndi mudzi wonse, n'kukalipira minibasi kupita kumene sakudziwika. Kwa oterewa, kufupika kwa mtunda ndiko vuto. Palinso chinyengo chimene chimabisala m'mayamiko a umodzi wa kumudzi. Boma kapena bungwe likati anthu a kumudzi amathandizana okha, nthawi zina limakhala likunena kuti amayi odzipereka agwire ulere ntchito imene m'tauni imalipidwa. Umunthu umalamula mnansi kuthandiza. Supereka chilolezo kwa wokhala ndi bajeti kuti asiye udindo wake pamutu pa mnansiyo.

Chodabwitsa m'mbiri imeneyi n'chakuti kusowa kudabala lamulo limene pambuyo pake dziko lonse lapansi lidatsata. Malangizo a WHO a 2010 oteteza mwana kuti asatenge kachirombo kwa mayi ankafuna kuti mayi woyembekezera ayezedwe kaye CD4. Akuluakulu a zaumoyo ku Malawi adaona kuti m'zipatala zambiri za kumudzi zimenezi sizingatheke, ndiponso kuti mayi wobereka kasanu angamangoyamba ndi kusiya mankhwala. Mu July 2011 adayambitsa njira imene idatchedwa Option B+: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo ayambe ma ARV a moyo wonse, popanda kudikira makina. Chiwerengero cha amayi oyamba mankhwala pa miyezi itatu chidakwera kuchoka pa 1,257 pakati pa 2011 kufika pa 10,663 m'chigawo chachitatu cha 2012. WHO, imene poyamba idali yokayika, idaika njirayi m'malangizo ake a 2013. Komabe ngakhale apa panali mtengo wake. Mayi amene wabwera kusikelo ali bwinobwino ankauzidwa tsiku limodzi kuti ali ndi kachirombo ndiponso kuti ayambe mankhwala a moyo wonse madzulo omwewo, asadafike n'kunyumba komwe. Kafukufuku wa 2014 adapeza kuti pafupifupi 17 pa 100 sadaonekenso patatha miyezi isanu ndi umodzi. Kuvomera kwa munthu amene wadzidzimuka, ali pamaso pa namwino wotopa ndipo kumbuyo kwake kuli mzere wa amayi makumi asanu, n'kuvomera kopepuka. Lamulo lofulumira lidapulumutsa ana ambirimbiri. Lidafunikanso munthu wokhala ndi nthawi yomvetsera, ndipo munthu ameneyo ndiye amasowa koyamba ndalama zikachepa.

Zambiri za ngongole ya 2004 zidabwezedwa. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala posayang'ana CD4. Kuyambira mu 2019 ambiri amamwa m'bulu umodzi pa tsiku wokhala ndi dolutegravir, mankhwala amene amaperekedwanso m'mayiko olemera, ndipo mtengo wake udatsika kufika pansi pa madola 45 pa chaka mu 2023. Amene ali bwino amatha kupatsidwa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, kotero ulendo umene udali wa mwezi ndi mwezi udasanduka wa kawiri pa chaka. Magazi oyezera kuchuluka kwa tizirombo amadonthezedwa pa kapepala, kuumitsidwa, n'kunyamulidwa pa njinga yamoto kupita ku labotale. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti mwa akuluakulu amene ali ndi kachirombo, 88 pa 100 ankadziwa mmene alili. Mwa odziwawo, 98 pa 100 ankamwa mankhwala. Ndipo mwa omwawo, 97 pa 100 kachirombo kadali katafooka. Otsalira kwambiri adali abambo ndi achinyamata, ndipo ana akadali kumbuyo kwa makolo awo.

Koma nyumba yonseyi idamangidwa ndi nkhwangwa yobwereka. Ndalama zoposa 90 pa 100 za ntchito ya Edzi m'Malawi zakhala zikuchokera kunja: mankhwala enieniwo makamaka ku Global Fund, ndipo antchito ambiri oyeza magazi, olondola odwala, osunga makaundula a pakompyuta ndi onyamula magazi ankalipidwa ndi PEPFAR, ndondomeko ya boma la America imene idayamba mu 2003. Pa 20 January 2025, Pulezidenti Donald Trump adalamula kuti thandizo lakunja liimitsidwe kwa masiku 90, ndipo patangopita masiku ochepa mabungwe adauzidwa kuti aleke ntchito nthawi yomweyo. Chilolezo chopitiriza ntchito zopulumutsa moyo chidatuluka pambuyo pake, koma chisokonezo chidali chitachitika, ndipo pofika mu July chaka chomwecho bungwe la USAID lidatsekedwa. Ku South Africa, Zambia, Mozambique ndi Malawi, mabotolo adatsala m'mashelefu ambiri. Amene adatumizidwa kunyumba adali anthu amene ankafupikitsa mtunda.

Wopereka ali ndi ufulu wosiya kupereka, ndipo palibe dziko limene lidalumbira kudyetsa linzake mpaka kalekale. Koma mankhwala awa ali ndi chikhalidwe chimene chimasintha mlandu. Sachiza, amangogoneka kachirombo, ndipo akasiyidwa kamadzuka m'milungu yochepa, nthawi zina katapima mphamvu. Amene amauza munthu kuti ayezetse, aulule kwa mkazi wake ndipo ayambe mankhwala a moyo wonse, wachita naye pangano limene mbali imodzi yaikapo thupi. Kuchoka m'pangano lotere kumafuna chenjezo ndi nthawi yakuti wina alowe m'malo. Kuchoka usiku umodzi kuli ngati kuolotsa munthu mpaka pakati pa Shire n'kumuuza kuti bwato likufunika kwina. Mlandu wina uli kwa eni nyumba. Mu April 2001, atsogoleri a Africa adalonjeza ku Abuja kuti adzaika 15 pa 100 ya bajeti zawo ku zaumoyo, ndipo mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, zaka zambiri sadafikepo. Umphawi ndi chifukwa chenicheni, koma sufotokoza ndalama za boma zimene zidabedwa pa nkhani ya Cashgate mu 2013, chaka chomwe odwala adali akusinthidwa kuchoka pa stavudine ndi ndalama za eni ake. Anthu oposa 900,000 amamwa ma ARV m'Malawi, ambiri mwa iwo kumidzi, ndipo botolo limene aliyense wa iwo adabwera nalo kunyumba ulendo wathawu lili ndi tsiku limene lidzathe.